Pogona Mbira Pazikhala Pouma

M'mwezi wa Juni kuno ku Nachisaka dzuwa limachedwa kutuluka. Nkhungu imatsika kuchokera kumapiri a Ntchisi n'kukuta madimba onse, ndipo ukalawirira kumunda udzu umakunyowetsa mpaka m'mawondo. Unali m'mawa wotere pamene mtsikana wathu wa Sitandade 5 analowa m'nyumba atafungatira mbira yake m'chitenje, misozi ili chuchuchu.

"Amayi, taonani mapazi ake."

Tinaitembenuza chagada. Kunsi kwa mapazi akumbuyo kunali kofiira ndi kotupa, ndipo phazi limodzi linali ndi chilonda cha nkhanambo yakuda pakati. Ikamapuma inkamveka ngati khanda la chimfine.

Zinatidabwitsa, chifukwa ife tinkadziona ngati osamala. Masabata atatu m'mbuyomo, poona kuti chisanu chafika, tinagula kabulangeti ka fleece pa kaunjika ku Mponela n'kukayala m'khola. Fleece ndi nsalu yofewa ija ya majuzi otentha ndi timabulangeti tofunditsa ana. Mbira zinkakakonda, ndipo pamwamba pake pankaoneka poyera. Koma tsikulo titakakweza, thabwa la pansi linali lonyowa ngati pamjigo, ndipo fungo lake linatibaya m'maso. Masabata atatu onsewo tinyamato tinkagona pa chithaphwi cha mkodzo chovindikiridwa bwino.

Mwina wina afunsa kuti mbira zikutani pakhomo pa Mwadiventi. Ife sitidya. Mbira yotchulidwa pa Levitiko 11 ndi ya m'matanthwe, pamene ya m'khola iyi kwawo ndi kumapiri a Andes ku Peru, Bolivia ndi Ecuador, kumene anthu anayamba kuiweta zaka zikwi zingapo zapitazo. Dzina lokha ndilo limodzi, ndipo zonse ziwiri sizilowa mumphika wathu. Timaziweta chifukwa cha manyowa a padimba, komanso chifukwa mwana amene amadzukira kukadula udzu wa chiweto chake amaphunzira zimene sangaphunzire pomulalatira. Tsono ngati tamupatsa mwana chamoyo choti asamale, tiyenera kumuphunzitsanso kasamalidwe kake molondola. Apa ndi pamene ife tinaphonya.

Fleece simamwa madzi

Nsaluyi inayamba kupangidwa ku Massachusetts m'dziko la America cha m'ma 1980, ndipo ulusi wake ndi poliyesitala, m'bale wake wa botolo la pulasitiki. Thirani madzi pa botolo muone ngati limwa. Ubwino wa fleece ndi woti madzi amadutsa n'kutsikira pansi, pamwamba n'kutsala pouma. Imagwira ntchito ngati sefa. Ndiye ngati pansi pa sefayo palibe chinthu cholandira mkodzo, mkodzowo umangokhala pathabwa, ndipo mbira ikaponda umabwereranso pamwamba.

Mbira ndi kanyama kakang'ono, kolemera pakati pa magalamu 700 ndi 1,200, koma kamakodza kwambiri. Imodzi yolemera kilogalamu imafuna madzi pafupifupi mamililita 100 patsiku, ndipo ikamadya udzu wauwisi ndi kholowa imakodza koposa. Mkodzo ukakhalitsa umatulutsa mpweya wa amoniya, fungo lobaya lija. Ife timalimva tikawerama, koma mphuno ya mbira ili pomwepo usana ndi usiku. Mpweyawu umapweteka njira zopumira ndipo umatsegulira khomo chibayo, chimene chimapha mbira mofulumira. Kunsi kwa mapazi ake kulibe ubweya. Khungu likamakhala lonyowa limafewa n'kung'ambika, tizilombo n'kulowa. Chilonda chimene mwana wathu anaona chinayamba choncho.

Motero pogona pa nsalu pamafunika zinthu zitatu zosanjikizana: fleece pamwamba, chomwa mkodzo pakati, ndi chotchinga madzi pansi penipeni kuti thabwa lisawole. Anthu amataya nthawi kusankha mtundu ndi maluwa a fleece, chonsecho ntchito yonse ili pa chapakaticho.

Zimene tinayesa

Amene amaweta mbira m'nyumba ku America ndi ku Ulaya amagula nsalu zopangidwira kumwa madzi, monga yotchedwa Zorb, kapena zofunda zokhuthala zokutira mipando posamuka, zopangidwa ndi nyenyeswa za majini akale. Zimenezo pa Dowa boma simuzipeza, ndipo sitikuona chifukwa chozilirira. Pa mulu wa kaunjika pali zokwanira, bola munthu adziwe kusiyanitsa thonje ndi pulasitiki.

Kusiyanitsako n'kosavuta. Chikwangwani cha pachovala chikakhalapo, werengani. Chikakhala kuti chinadulidwa, sololani kaulusi m'mphepete mukaotche ndi machesi panja. Thonje limanyeka ngati pepala, kununkha ngati pepala, n'kusiya phulusa lofewa. Poliyesitala amakwinyika n'kusungunuka, kusiya kambulu kolimba kakuda. Chimene chasungunuka sichingamwe mkodzo mokwanira, kaya chikhuthale bwanji.

Thaulo lakale la thonje ndilo linapambana zonse zimene tinayesa. Tikuti lakale chifukwa latsopano silimwa bwino mpaka litachapidwa kangapo. Limamwa msanga, limasunga madzi ambiri, ndipo n'lotsika mtengo. Vuto lake n'lakuti likanyowa limalemera ndipo limachedwa kuuma. Komanso tizingwe take timakola zikhadabo, ndipo mbira ikatipeza imatafuna. Mano a mbira amakula moyo wake wonse, n'chifukwa chake siisiya chinthu osachilawa. Sitha kusanza. Ulusi umene yameza uyenera kudutsa m'matumbo monse, ndipo ukakakamira panjira kanyamako kafa. Choncho thaulo likhale lobisika pansi pa fleece, m'mphepete mwake mosokedwa.

Matewera a nsalu, oyera aja amene amayi ambiri anawasunga m'sutikesi ana atakula, ndi thaulo lomwelo koma lopyapyala. Ife tinapeza kuti matewera awiri osanjikiza amaposa thaulo limodzi lokhuthala. Amamwa mofanana, koma pochapa mumawalekanitsa, madzi amalowa paliponse, ndipo pachingwe amauma theka la nthawi. Amene muli nawo musawataye. Mashiti a pabedi okhuthala a thonje, ofewa ngati a ana akhanda, nawonso amachita bwino mukawapinda katatu kapena kanayi.

Majini akale tinawayembekezera zambiri, koma anatikhumudwitsa pang'ono. Ndi thonje ndithu, koma ndi lolukidwa mothina, moti mkodzo umayamba wayenderera pamwamba usanalowe. Amathandiza akakhala pansi pa thewera, kulandira zimene zadutsa. Pouma ndiye amachedwa kuposa zonse. Chitenje n'chopyapyala kwambiri, ndipo zambiri zotsika mtengo za masiku ano n'zapoliyesitala.

Pali timatawulo tina tofewa kwambiri totchedwa microfibre, timene anthu amapukutira galimoto. Timamwa madzi msanga modabwitsa, koma mukatipsinja timawalavula ngati siponji, ndipo timasunga fungo. Tingakhale pakati, koma tisakhudzane ndi mapazi a mbira chifukwa timaumitsa khungu.

Tsono pali zinthu zimene zili pafupi kwambiri ndi ife moti dzanja limangozitola lokha. Choyamba ndi chiguduli. Kuno ku Dowa pafupifupi mudzi uliwonse uli ndi zigafa, ndipo ziguduli zimene zinakutapo mabelo a fodya zimapezeka paliponse, ngakhale pakhomo posalima fodya. Chiguduli chimamwa madzi, inde. Koma chimene chinagona ndi fodya chili ndi fumbi lake, ndipo nikotini ndi poizoni kwa kanyama kolemera kilogalamu imodzi kamene kamatafuna chilichonse. Thumba limene munali chimanga chothira mankhwala a anankafumbwe nalonso likhale kutali. Thumba la feteleza ndi pulasitiki, silimwa kanthu, ndipo tizingwe take timasololoka mosavuta. Siponji ya matiresi imamwa mkodzo koma siichapika mpaka mkati, imangosanduka nkhokwe ya fungo. Thonje la m'munda kapena la m'pilo limaumbika likanyowa ndipo n'loopsa likamezedwa. Agogo athu anatilangiza kuwaza phulusa pansi kuti lichotse fungo, monga timachitira m'chimbudzi. Tinawathokoza koma sitinatsatire: phulusa likakumana ndi mkodzo limafulumizitsa kutuluka kwa amoniya, ndipo fumbi lake limalowa m'maso ndi m'mphuno.

Musanadule nsalu iliyonse, iyeseni. Yalani chapakaticho pa tebulo, fleece pamwamba, thirani madzi kota ya kapu malo amodzi. Ngati madziwo aima pamwamba ngati mame pa tsamba la koko, fleece yanu sinakonzeke. Yatsopano, ngakhalenso ina ya pakaunjika, imakhala ndi zokutira zoletsa madzi kudutsa, ndipo imafunika kuichapa katatu kapena kuposerapo m'madzi otentha. Madzi akamalowa msanga, dikirani mphindi imodzi, kenaka psinjani pamalopo ndi kuseri kwa dzanja. Dzanja likanyowa, chapakati chachepa kapena si choyenera. Mwana wathu ndiye anayesa zonsezi, n'kumalemba zotsatira kumapeto kwa kope lake la masamu.

Kusoka

Mbira ziwiri zimafuna malo osachepera masentimita 120 m'litali ndi 60 m'lifupi. Khola likachepa, palibe nsalu imene ingapirire. Pansi pakhale pathabwa kapena posalala. Waya wa sefa, umene ena amaika kuti ndowe zizigwera pansi, umadula mapazi ndipo umathyola miyendo ya tiana.

Chapani nsalu zonse musanapite nazo kwa telala, chifukwa thonje limafupika likachapidwa pamene fleece siifupika. Mukasoka zisanachapidwe, chinthucho chimadzapindika ngati chikopa chouma. Ife poyamba tinauza a telala kuti asokere zonse pamodzi ngati matiresi. Chinaoneka bwino, koma chinkatenga masiku awiri kuti chiume, ndipo mkati munayamba kununkha chuku. Kachiwiri tinasoketsa fleece yokha ngati thumba la pilo, lotsegula mbali imodzi, kuti matewera tizilowetsa ndi kutulutsa. Kukamwa kwa thumbalo timakupindira pansi, kukhoma, kumene mano safika. Pansi pa zonse timayala pepala lakuda la pulasitiki lofolerera nyumba, lodulidwa mocheperako pang'ono kuti lisatulukire m'mbali.

Mbira zimakodza kwambiri m'makona, pansi pa pobisalira, ndi pamene zikudyera. Pamenepo timaikapo tizidutswa tapadera ta masentimita 30 mbali zonse, tosokedwa chimodzimodzi, timene timasintha tsiku lililonse. Tizidutswa timeneti ndito timachititsa kuti chachikulucho chifike masiku atatu kapena anayi.

Madzi ndi dzuwa

Apa ndi pamene nkhani ya nsalu imasiyana ndi ya anzathu okhala ndi makina ochapira. Kwa ife funso lenileni si lakuti nsalu iti imamwa kwambiri, koma lakuti adzasenza madzi ochapira ndani, nanga idzauma liti. Kuchapa kumodzi kwa khola la mbira zathu zitatu kumatidyera ndowa ziwiri za malita 20. Timachapa kawiri pa sabata, Lachiwiri ndi Lachisanu m'mawa, kuti Sabata lizilowa khola lili louma ndipo tsikulo ntchito ingokhala yopatsa chakudya ndi madzi. Ndowa zinayi pa sabata si zochepa kwa amene mjigo uli kutsidya kwa dambo, makamaka mu Okutobala mzere wa zidebe ukatalika.

Tisanachape timakung'untha ndowe ndi ubweya ndi kasache. Sopo wa mtanda amasiya mafuta pa fleece n'kutseka njira ya madzi, choncho timathira sopo waufa pang'ono n'kutsukuluza mokwanira. Mankhwala ofewetsa zovala monga Sta-soft sayenera kufikako n'komwe, pa chifukwa chomwecho. Mkodzo wa mbira uli ndi kashiamu wambiri, n'chifukwa chake umasiya zoyera ngati laimu pa nsalu ndi pathabwa. Vinega pang'ono m'madzi otsukuluzira amasungunula zimenezi. Koma chenjerani ndi Jik: musamuthire pa nsalu imene idakali ndi mkodzo, ndipo musamusakanize ndi vinega. Zonse ziwiri zimatulutsa mpweya woopsa kwa wochapayo.

Beseni lochapira za mbira likhale lakelake, losiyana ndi la mbale kapena losambitsira mwana. Musachapire pamjigo kapena pafupi ndi chitsime. Madzi oyamba, okhala ndi mkodzo koma opanda sopo, timakathira pa mulu wa kompositi, osati pa ndiwo zamasamba zimene zili pafupi kuthyoledwa.

Poyanika pali choopsa china chimene ambiri timachidziwa kuchokera pa zovala za ana. Ntchentche ija yobweretsa mphutsi zolowa m'khungu imakonda kuikira mazira pa dothi kapena pa nsalu yonyowa ya fungo la mkodzo imene ili pamthunzi, makamaka m'dzinja. Mphutsi zake zimalowa m'khungu la munthu, la galu, ngakhalenso la tinyama ngati mbira. Nsalu za m'khola ndi nyambo yeniyeni. Musaziyanike pa udzu kapena pa mpanda wa kuseri kwa nyumba. Zikhale pachingwe, padzuwa lenileni, mpaka ziume gwa. Matewera ndi matawulo muwasite ndi simbi yotentha. Fleece siisitidwa, imasungunuka, ndiye yokhayo dzuwa likwanire.

Mu Januwale ndi Febuluwale, mvula ikamagwa masiku atatu osakata, thaulo siliuma. Mu Juni ndi Julayi nkhungu imachedwetsanso. Amene ali ndi zoyala ziwiri zokha tsiku lina adzayala chonyowa chifukwa chosowa pogwira. Pamafunika zitatu: china m'khola, china pachingwe, china chouma m'nyumba.

Kodi nsalu ndiyo yoyenera pakhomo panu?

Tinene mosabisa. Ngati muli ndi mbira khumi kapena makumi awiri, monga mmene zimakhalira zikayamba kuswana, poti bere lake ndi la miyezi iwiri ndi masiku ochepa chabe, za fleece zisiyeni. Mudzatopa, ndipo khola la nsalu losasamalidwa n'loipa kuposa la udzu. Udzu wouma bwino, wodulidwa mu Meyi n'kusungidwa posafika mvula, ndi pogona pabwino, ndiponso ndi chakudya chimene mano ndi mimba ya mbira zimafuna tsiku ndi tsiku. Wokha sumwa mkodzo kwenikweni, choncho pansi pake pamafunika manyuzipepala akale, makoko a chimanga ong'ambidwa, kapena zopala za matabwa zouma. Utuchi wosalala ngati ufa umatsamwitsa, ndipo zopala za paini wauwisi kapena za mkungudza zili ndi mafuta onunkhira amene amapweteka mapapo a tinyamati. Makoko a mtedza, amene kuno ndi osasowa, amachita chuku msanga akanyowa, ndipo chuku cha mtedza tonse tikudziwa kuti si chocheza nacho. Ubwino waukulu wa udzu ndi woti zonse, pamodzi ndi ndowe ndi mkodzo, zimapita ku kompositi. Fleece siiwola. Ikatha ntchito ndi chinyalala cha pulasitiki.

Nsalu imayenera amene ali ndi mbira ziwiri kapena zitatu, madzi ali pafupi, ndipo udzu wouma ndi wovuta kuupeza kapena kuusunga, monga a m'tauni. Imathandizanso mbira yodwala mapazi, chifukwa ndi yofewa ndipo mumaona msanga ngati mumkodzo muli magazi kapena ngati ndowe zasintha. Ife tinathera pakati: theka la khola ndi nsalu, pogona, ndipo theka linalo ndi bokosi losaya la udzu pamwamba pa nyuzipepala, podyera. Poti mbira imakodza pamene ikudya, mkodzo wambiri umathera m'bokosimo, ndipo nsalu imakhalitsa.

Khola lonyowa silivutitsa mbira zokha. Chipere chimakonda malo achinyezi, ndipo chimachoka pa mbira kupita pa mwana amene amaifungatira. Mukaona mbira yathothoka ubweya mozungulira pamphuno kapena m'makutu, yang'ananinso manja, khosi ndi mutu wa ana. Ndowe zake zimatha kukhala ndi tizilombo ta Salmonella toyambitsa kutsegula m'mimba. Mabanja ambiri amasunga mbira m'khitchini chifukwa n'kofunda ndipo agalu safikako, koma pamene pali mphika ndi mtsuko wa madzi akumwa si malo a chiweto. Khola likhale pakhonde lotchingidwa ku mphepo ya mwera, pamthunzi, chifukwa mbira imapirira kuzizira kwa kuno bola pogona pali pouma, koma kutentha kwa Okutobala kumatha kuipha. Aliyense wogwira mbira kapena zoyala zake asambe m'manja ndi sopo asanagwire chakudya.

Ya mwana wathu ija tinapita nayo kwa alangizi a ziweto. Mnansi wina anali atatipatsa kale makapisozi a amoxicillin otsala kunyumba kwake kuti tisungunulire m'madzi ake akumwa. Mwamwayi sitinathire. Mankhwala a gulu la penisilini amapha tizilombo tothandiza ta m'matumbo a mbira, ndipo mbirayo imafa ndi kutsegula m'mimba m'masiku ochepa. Tinauzidwa kutsuka chilondacho ndi madzi ofunda a mchere pang'ono, kuisunga pouma ndi pofewa, ndi kuipatsa zakudya za vitamini C. Mbira, mofanana ndi munthu, siitha kupanga vitamini ameneyu m'thupi mwake, ndipo akasowa zilonda sizipola. Tinkaipatsa kachidutswa ka gwafa, chisoso ndi kholowa.

Kamwana kake kamodzi, kamene kanabadwira pa bulangeti loyamba lija, kanafa ndi chibayo sabata yomweyo, ndipo tinakakwirira kuseri kwa nthochi. Mayi wake anachira, ngakhale zinatenga pafupifupi miyezi iwiri, ndipo phazi lija linatsala lokhuthala kuposa linzake. Masiku ano mtsikana wathu akadzuka, asanavale yunifolomu, amapita kukhola n'kuika kuseri kwa dzanja pakona iliyonse. Pakakhala ponyowa amasintha kachidutswako, n'kukasamba m'manja, kenaka n'kubwera kudzamwa phala.